Tinapemphera pakati pa galaundi, kenako tinagendana

Masabata atatu apitawa ndinakuwa mawu pa galaundi oti mpaka lero ndikawakumbukira nsima imandikanika kumeza. Ndinakuwa kuti "m'thyoleni ameneyo!" Ineyo ndithu, bambo wa ana atatu, amene Lamulungu lililonse ndimayima kutsogolo kuwerenga zolengeza mutchalitchi tayi ili pakhosi. Nde ndati ndilembe mwina mtima ukhalako pansi, komanso poti ndikudziwa kuti si ine ndekha, ambirife Chikhristu timachisiya pa geti la bwalo la mpira ngati mmene timasiyira njinga kwa mlonda, n'kudzachitenganso potuluka.

Kwathu kuno achinyamata a m'mipingo amakhala ndi bonanza anthu akamaliza kukolola, magalaundi atauma. Chaka chino kunali matimu 8, anyamata mpira wamiyendo, atsikana wamanja. Mphoto yake musaganize kuti ndi zinthu, ayi, mpira umodzi watsopano, jezi seti imodzi ya pa kaunjika, ndi kachikho kena kopepuka ngati kapu yomwera tiyi kamene kamazungulira chaka ndi chaka. Ine anandisankha kukhala patironi wa timu yathu chifukwa ndinasewerako nambala 5 ndili ku sekondale komanso, tinene zoona, ndili ndi kagalimoto konyamulira zigubu za madzi. Lamulo la bonanza ndi limodzi lodziwika, wosewera aliyense akhale wa mpingo umene akuusewerera ndipo dzina lake lisainidwe ndi mlembi wa mpingo. Ife tinatenga anyamata awiri aganyu pa msika paja, oti pakhomo la tchalitchi chathu sanapondepo olo tsiku la ukwati, tinawaphunzitsa dzina la abusa ndi kolasi imodzi ya kwaya kuti akafunsidwa asachite chibwibwi, ndipo tinaseka zedi tsiku limenelo, ine ndemwe ndinkaseka kwambiri. Pepala ndinapita nalo kwa alembi nthawi imene ndinkadziwa kuti akuthamangira ku maliro, anangosaina atayimirira osawerenga.

Tinafika mu fainolo. Masewero asanayambe matimu onse awiri anapanga bwalo pakati pa galaundi atagwirana mapewa, abusa a mpingo winawo anapemphera pemphero lalitali lokoma, anati Ambuye mutiteteze ku ngozi, wopambana apambane mwachilungamo, wogonja avomereze, tonse tinati ameni mokweza mpaka agalu a kusukulu anauwa. Woyimbira anali mphunzitsi wa pulayimale wa pompo, bambo wofatsa wovala kabudula wa khaki, amene anabwera pa njinga yake n'kuikoleka pa mtengo wa mango. Othandizira ake anali ana awiri ogwira nthambi m'malo mwa mbendera.

Chigawo chachiwiri chili mkati zigoli zili 1-1, anzathuwo anamenya kona, goloboyi wathu anatuluka n'kuuphonya, wina anaumenya ndi mutu ukulowa ndithu, ndiye mnyamata wathu wotchinga kumbuyo anautulutsa ndi dzanja pa mzere penipeni. Ine ndinali chapafupi, ndinaona ndi maso angawa, olo phokoso lake ndinalimva, phaa, la chikhatho. Galaundi yonse "hanzi! hanzi!" Aphunzitsi aja fumbi linawatchinga, anathamanga kufika pamalopo wenzulo ili kukamwa osayimba, kenako anatembenuka kuyang'ana ine. Amandidziwa, ana anga anadutsa m'manja mwawo, ndipo ndikukhulupirira mumtima mwawo anati mkulu wa mpingo uyu sanganame. Ine ndinadziguguda pamtima n'kumati "pachifuwa aphunzitsi, pachifuwa!" Anakweza manja kuti mpira upitirire.

Zotsatira zake mukhoza kulota nokha. Sipanathe mphindi zisanu nambala 4 wawo anamukwatula kumbuyo sitiraika wathu waganyu uja mpaka anagubuduka ngati thumba la makala, ndipo ndi pamene ndinakuwa mawu aja. Amene anawamva n'kuwatsatira si waganyu ayi, anali mwana wathu weniweni, wa zaka 17, woyimba tena mu kwaya, mwana wa mayi wamasiye amene amanditchula kuti adadi. Mpira wotsatira analowa ndi mabuti onse awiri pa msongolo wa mnyamata wawo wapakati, woti sanalakwire aliyense, si nambala 4 uja. Kukuwa kwa mnyamata ameneyo kunamveka mpaka ku mpira wa atsikana. Anthu analowa mugalaundi, zibakera, kenako miyala ndi zidutswa za njerwa. Aphunzitsi anathawira mukalasi n'kudzitsekera, njinga yawo anthu anaipondaponda mpaka masipoko kutheratu. Mayi wina wogulitsa mandasi beseni lake linagudubuzika, ana n'kumatola m'fumbi akuthawa, mayiyo ali chiyimire manja kumutu. Mtsikana wina wa netibo, amene amangodutsa kupita kukamwa madzi ku mjigo, mwala unamupeza pamwamba pa diso, anamutengera kuchipatala pa kabaza magazi ali chuu pa bibu yake, anakamusoka. Kachikho kaja kanatsala pa tebulo pokhapokha, panalibe olo mmodzi wokayang'ana.

Pobwerera mayi akunyumba sanayankhule chilichonse mugalimoto. Usiku ana atagona ndi pamene anati, "Bambo, mawu aja anali anu? Ine ndinawamva ndili uko kwa atsikana, ndinauza anzanga kuti ayi si iwo, abambo akwathu sangatero." Ndinayamba kufotokoza za nambala 4, za mmene anzathuwo anayambira, iwo anangoti "chabwino" n'kuzimitsa nyali. Amene muli pabanja mukudziwa kuti chabwino wotere amapweteka kuposa kukalipiridwa.

Lolemba madzulo kunabwera agogo ena a mpingo wathu, mkulu wa mpingo wopuma, oyenda ndi ndodo koma mutu uli bwinobwino. Ndinadziwa kuti abwera kudzandidzudzula nde ndinakonzeka ndi mayankho anga. Iwo ayi, anapempha tiyi, kenako anati mwana wanga tandipatsa Baibulo, maso angawa atha, werenga 2 Samueli mutu 2 kuyambira ndime 12. Ndinawerenga. Nkhani yake ndi ya nthawi imene Sauli anali atafa, ufumu utagawikana, mbali ina Davide mbali ina Isiboseti mwana wa Sauli. Akazembe a nkhondo awiri, Abineri wa mbali ya Isiboseti ndi Yowabu wa mbali ya Davide, anakumana pa dziwe la ku Gibeoni, gulu lina linakhala tsidya lino lina tsidya linalo. Ndiye Abineri akuuza Yowabu kuti anyamata adzuke asewere pamaso pathu, Yowabu n'kuvomera kuti adzuke. Anadzuka 12 mbali iyi, 12 mbali inayo, aliyense anagwira mutu wa mnzake n'kumubaya ndi lupanga m'nthiti, onse 24 anagwera limodzi. Zitatero nkhondo inabuka tsiku lomwelo, kwa Davide kunafa anthu 19 kuwonjezera Asaheli m'bale wake wa Yowabu, kwa Abineri 360.

Nditamaliza agogo anandifunsa funso limodzi lokha. Anati, "Kodi anyamatawo mmene amagwa, Abineri ndi Yowabu anali pati?" Ndinayang'ananso, ndinati anali atakhala m'mbali mwa dziwe. Anati "eya," anamaliza tiyi wawo, anapemphera mwachidule, ndinawaperekeza mpaka pa msewu.

Nkhani imeneyi ndinaiwerengapo kale koma sindinaonepo kuti ndi nkhani ya ife okhala kunja kwa mzere. Mawu oti "asewere" anachokera kwa akuluakulu atakhala pansi, magazi anali a ana a eni. Ndipo mukapitiriza kuwerenga muona mmene kubwezera kumayendera, Asaheli mng'ono wake wa Yowabu, waliwiro ngati insa, anathamangitsa Abineri, Abineri anamuchenjeza kawiri kuti patuka iye osamva, anamubaya ndi kumbuyo kwa mkondo. Dzuwa likulowa Abineri yemweyo, amene anayambitsa masewero, ndi amene akufuula kufunsa Yowabu ngati lupanga lizingodya anthu mpaka kalekale, ngati sakudziwa kuti mapeto ake n'zowawa. Mutu wotsatira Yowabu akumutengera Abineri pambali pa chipata cha Hebroni ngati akufuna kulankhula naye zachinsinsi, n'kumupha chifukwa cha mng'ono wake. Aliyense amene anasewerapo mpira wakumudzi akuidziwa ndondomeko imeneyi, wandiponda chigawo choyamba ndikupeza chachiwiri, ukathawa ndikupeza chaka chamawa mukabwera kwathu.

Pali ena mu mpingo amene nkhaniyi itachitika anangoti mwaona, mpira ndi zadziko, achinyamata azingopanga kwaya basi. Pamenepo ine ndikukana. Paulo masewero ankawadziwa ndipo sanachite nawo manyazi. Pafupi ndi Korinto pankachitika mpikisano waukulu zaka ziwiri zilizonse, othamanga, olimbana, ankhonya, ndipo wopambana ankavekedwa nkhata ya masamba basi, nde polembera Akorinto, pa 1 Akorinto 9, akuwauza kuti thamangani kuti mukalandire, akunenanso kuti iye samenya nkhonya ngati womenya mphepo. Munthu wonyansidwa ndi masewero sangalembe choncho. Olo matimu amene timakanganirana mu vidiyo sho Loweruka lililonse, angapo anabadwira ku tchalitchi. Everton inayamba mu 1878 ngati timu ya tchalitchi cha Methodist cha St Domingo, Aston Villa inayambitsidwa mu 1874 ndi anyamata a tchalitchi cha Wesleyan, Southampton mpaka lero amatchedwa Saints chifukwa anachokera ku St Mary's, Manchester City mizu yake ili ku tchalitchi cha St Mark's, ndipo Celtic ku Glasgow anayiyambitsa Brother Walfrid wa Katolika kuti apeze ndalama zodyetsera ana osauka. Anthu amenewa anaona kuti mpira ungachotse anyamata ku mowa ndi ndewu za m'misewu. Ife tautenga mpira womwewo n'kuusandutsa malo a ndewu, tili ndi ma Baibulo m'zikwama.

Komanso sindikunena kuti Mkhristu azisewera ngati akupepesa. Ine ndinali difenda, ndikudziwa kukoma kwa kulowa mwamphamvu n'kutenga mpira woyera, sitiraika n'kugwa, iwe n'kumudzutsa ndi dzanja, palibe tchimo pamenepo, ndipo kusewera mwaulesi anzako akukhetsa thukuta ndi kuba kwa mtundu wina. Koma difenda aliyense amadziwa mumtima mwake, mwendo usananyamuke, ngati akupita pa mpira kapena pa munthu. Refu akhoza kusokonezeka, olo VAR, kanema wothandiza woyimbira uja, imene ku Ulaya amaibwereza kakhumi pang'onopang'ono imangoona mwendo, koma iweyo umadziwa, ndipo Mulungu amene timamuitana pakati pa galaundi uja amaona kumeneko. Paulo yemweyo pa 2 Timoteo 2:5 akunena kuti wopikisana savekedwa nkhata ngati sanapikisane motsata malamulo. Ndipo zondichititsa manyazi n'zoti olo Agiriki opembedza mafano ankazidziwa izi, ku Olympia wogwidwa akuchita chinyengo ankalipitsidwa, ndalamazo n'kupangira mafano a Zeus amene ankawaimika panjira yolowera mubwalo kuti wosewera aliyense aziwaona akamalowa. Ife aganyu athu tinawaphunzitsa kolasi.

Chimene ndachiona masabata atatuwa n'choti miyala ija sinayambe ndi nambala 4. Inayamba tsiku lomwe ndinapita ndi pepala kwa alembi. Anyamata anga anaona patironi wawo akunama mosekerera, anaphunzira kuti lamulo ndi la opusa, ndiye pa mzere wagolo paja mwana anatambasula dzanja mosaganiza kawiri, ine n'kumuikira kumbuyo ndi bodza lachiwiri. Anzathuwo ataona kuti chilungamo sachipeza kwa woyimbira anaganiza zochifuna ndi mabuti. Miyambo 11:1 imanena za sikelo yonyenga kuti Yehova amanyansidwa nayo, ndipo ife timaiwerenga n'kumaganiza za mavenda ogula chimanga ndi nandolo amene amasokoneza sikelo, osadziwa kuti kuchepetsa zaka za wosewera, kudzigwetsa mu bokosi, kugona pansi ngati wakomoka kuti nthawi ithe, kubisa mpira m'chimanga tikamatsogola, zonsezi ndi sikelo yomweyo. Timangozipatsa dzina lokoma, ati nzeru za mpira.

Mukukumbuka July 2010? Ghana ndi Uruguay pa World Cup ku Johannesburg, ndime ya makota, mphindi yomaliza ya nthawi yowonjezera, Dominic Adiyiah anamenya ndi mutu mpira ukulowa, Luis Suárez n'kuutulutsa ndi manja. Asamoah Gyan penate ija anamenyetsa chitsulo chapamwamba, Ghana n'kudzatuluka pa mapenate. Ine ndinaonera mu vidiyo sho yodzadza mpaka pakhomo, tinamutukwana Suárez usiku wonse, ndipo kwa zaka 10 ndi kuposa ndakhala ndikumutchula ngati chitsanzo cha munthu wopanda umunthu. Koma taganizani, Suárez anapatsidwa khadi lofiira, penate inaperekedwa, mlandu wake analipira pompo pamaso pa dziko lonse. Ine hanzi yomweyo ndinaikana, ndipo ndinagwiritsa ntchito ulemu umene anthu amandipatsa chifukwa cha mpingo kuti bodzalo lidutse. Ndafanana kwambiri ndi Maradona wa 1986, amene anachinya England ndi dzanja ku Mexico n'kulowetsapo dzina la Mulungu kuti linali dzanja lake. Pomwe Miroslav Klose mu 2012, akusewerera Lazio ku Napoli, mpira unalowa utamugunda dzanja, anauza woyimbira zoona chigoli n'kukanidwa, ndipo tsiku limenelo timu yake inagonja 3-0. Anagonja ndithu, sikuti kumwamba kunamubwezera chigoli china ayi, chilungamo pa mpira nthawi zina umalipira ndi mapointi atatu, n'chifukwa chake ambirife sitichifuna.

Nde ndakhala ndikudzifunsa kuti pemphero lija la pakati pa galaundi timapemphereranji kwenikweni. Ndikaunguza bwino mtima wanga, ine ndinkati ameni koma chimene ndinkafuna n'choti Mulungu avale jezi yathu. Anzathuwo chimodzimodzi. Tikatero pemphero lasanduka mankhwala, silikusiyana ndi zija timaziona olo mu ligi yayikulu, timu kukana kulowera pa geti n'kumadumpha mpanda, wina kukawaza zinthu pagolo, wina kukumba pakati pa bwalo usiku, ndipo nthawi zambiri osewera omwewo amagwada kupemphera akamalowa, mapanga awiri avumbwitsa. Ndewu zingati zayambika mpira usanayambe n'komwe chifukwa wina wagwira thumba la goloboyi? Ndikuganiza kuti tikanamapempherera miyendo ya anyamata a timu inayo ndi mtima wonse, kutchula kuti Ambuye uyu ndi uyu abwerere kwa mayi ake ali bwino, pakamwa pomwepo sipakanatuluka "m'thyoleni" patangotha ola limodzi. Yakobo anadabwa nazo zomwezi pa mutu 3, kuti pakamwa pamodzi pakutuluka kutamanda Mulungu ndi kutemberera anthu olengedwa m'chifanizo chake.

Za gulu nazo ndi nkhani ina. Augustine, bishopu uja wa ku Hippo kumpoto kwa Africa kuno, anasimba za mnzake Alypius amene anapita ku Rome kukaphunzira zamalamulo. Mnyamatayu ankadana ndi masewero ophana a m'mabwalo a Aroma, tsiku lina anzake anamukokera komweko, iye n'kunena kuti thupi langa mulitenga koma maso ndi mtima ayi. Anakhala pansi n'kutsinzina. Koma makutu sanatseke, munthu wina atagwa gulu lonse linakuwa, iye anatsegula maso kuti angoona pang'ono, ataona magazi basi anatengeka, anayamba kukuwa nawo, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndi iye amene ankakoka anzake kupita kumeneko. Patapita zaka munthu yemweyu anadzakhala bishopu. Ndikaiganiza nkhaniyi ndimadziona ndekha pa Kamuzu Stadium ndili mnyamata, ndikuyimba nawo nyimbo zotukwana mayi ake a woyimbira, mayi oti sindikuwadziwa ndipo mwina nthawi imeneyo ali ku mvano kapena akusenda nandolo pakhonde. Pawekha sungayime pa msewu n'kutukwana mayi a munthu, koma mukakhala 5,000 umamva ngati tchimolo mwagawana aliyense kachidutswa kosaoneka.

Ndipo mapeto ake timawadziwa. Kumapeto kwa 2013 ku Balaka, pa masewero a Silver Strikers ndi Wanderers, kunabuka ziwawa ndipo sapota mmodzi anamwalira, munthu anachoka pakhomo kuti akukaonera mpira. Ku Accra pa 9 May 2001, Hearts of Oak ndi Asante Kotoko, masapota okwiya anayamba kuponya mipando ndi mabotolo mubwalo, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, anthu pothawa anapeza njira zotulukira zotseka, anafa anthu oposa 120. Woponya botolo loyamba sanaganize zopha munthu, ngati mmene woponya mwala kwathu kuja sanaganize za diso la mtsikana wa netibo.

Ine ndine wa Maule (Bullets) kuyambira ndili mwana, ndipo pali mawu amodzi amene ife ndi Manoma (Wanderers) timatchulana, neba. Timanena monyozana, "neba wadya zingati lero," koma mawuwo ndi oona kuposa mmene timaganizira. Tangoganizani Wanderers itatha lero, Bullets izisewera derby ndi ndani? Chaka chimene neba ali wofooka olo chikho sichikoma. Wopikisana nawe ndi munthu yekhayo amene angakupatse masewero, popanda iye uli wekha pa galaundi ndi mpira ngati wamisala. Nde munthu uja atafunsa Yesu kuti mnansi wanga ndani, yankho linali Msamariya, wa mbali imene Ayuda sankamwerana nayo madzi. Ndikanakhala mlaliki ndikanati wa jezi ya buluu, koma ndisapitirire, a Nyerere angayambe kudzimva kkkk.

Amene wandilimbitsako mtima, mudabwa, ndi Paolo Di Canio. Mu 1998 ali ku Sheffield Wednesday anapatsidwa khadi lofiira pa masewero ndi Arsenal, anakankha woyimbira Paul Alcock mpaka kugwa pansi, anamuletsa masewero 11. Munthu yemweyo mu December 2000, ali ku West Ham, akusewera ndi Everton zigoli zili 1-1 kumapeto, goloboyi Paul Gerrard anavulala ali gone pansi, mpira unabwera kwa Di Canio golo lili pululu, iye anangougwira ndi manja kuti mnzakeyo athandizidwe, ndipo FIFA inamupatsa mphoto ya Fair Play. Sindikuti ndi woyera mtima, ali ndi zake zambiri zimene sindigwirizana nazo, koma manja omwewo amene anakankha refu ndi amene anagwira mpira uja, ndipo ine pakadali pano ndikufunika kumva zimenezo.

Loweruka lapitali ndinayenda maulendo anayi. Koyamba kwa aphunzitsi, ndinawauza kuti inali hanzi ndipo ndinaiona. Anandiyang'ana nthawi yayitali kenako anati, "Ndinadziwa madzulo omwewo bambo, ana a sitandade 7 anandiuza. Chinandiwawa si njinga." Njinga ndakonzetsa, mawilo onse awiri, koma anenetsa kuti wenzulo sadzaigwiranso. Kwa mayi a mandasi zinali zosavuta, anawerengera okha mandasi 120 ndi beseni losweka, ndinapereka, anati Mulungu akudalitseni koma chaka chamawa ndikagulitsira kutali ndi inu a mpingo. Kwa mtsikana uja ndinapita ndi mayi akunyumba, chilonda chauma, diso likuona, bambo ake sanatipatse mpando.

Ulendo wovuta unali wa kwa mnyamata wovulala. Fupa silinathyoke koma mwendo unatupa ngati mtondo, ndipo ndinapeza kuti ntchito yake ndi ya kabaza, ndi amene amadyetsa agogo ake ndi abale ake awiri, masabata atatu njinga ili chikolekere m'nyumba. Ndinapita ndi mwana wathu wa kwaya uja atasenza thumba la ufa, njira yonse osayankhula. Titafika anagwada pakhonde n'kulephera kutulutsa mawu, nde ndinayamba ine, ndinati amene anakuthyola ndi ine, uyu ndinangomutuma. Mnyamatayo anati, "Komatu ine sindinaponde munthu, anaponda ndi nambala 4." Mwana wathu anati "ndikudziwa," n'kuyamba kulira. Agogo ake anatulutsa mbatata yootcha tinadya tonse.

Ku komiti ya bonanza ndinakaulula za aganyu awiri aja. Ndinkayembekezera kuti chipinda chonse chizizira, koma patironi wa timu inayo anangoseka chogwira pamimba, ati achimwene inu awiri okha, ife tinali nawo atatu. Wa timu ina anati iwo goloboyi wawo ndi wa chipembedzo china kumene. Tinaseka, kenako kunangoti zii, chifukwa tonse tinazindikira kuti matimu 8 a mipingo, mapepala 8 osainidwa, mwina loona linali limodzi kapena awiri. Chikho chaka chino sichinapite kwa aliyense, chili mu kabati ya abusa ena. Anyamata anga ena sakundiyankhula, akuti ndawagulitsa, mmodzi analemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti patironi wasanduka Yudasi, ndinaona n'kungosiya.

Loweruka likubwerali ana a Sande sukulu a mipingo iwiri yomweyi akufuna kusewera, osaposa zaka 14, opanda chikho opanda jezi, ena opanda nsapato. Atafunsa kuti ayimbire ndani poti aphunzitsi akana, agogo aja anakweza ndodo yawo n'kuloza ine, komiti yonse n'kuvomera mwachangu mokayikitsa. Wenzulo ndagula kale pa msika, yapulasitiki yofiira, ndipo mwana wanga wamng'ono wakhala akuyiyimba m'nyumba kuyambira dzulo mpaka mayi ake aibisa pamwamba pa kabati.